Galimoto Yolira Maliro

Amuna anga a Ben Jere anamwalira mu Juni, ndipo mu Ogasiti galimoto yawo inayamba kulira. Ndi kagalimoto koyera kamene anabwera nako kuchokera ku Joni. Anandiphunzitsa okha kuyendetsa, pabwalo la mpira ku Manyamula, ndipo ndi kagalimoto komweko kamene ndimanyamulira tomato ndi anyezi kupita nazo kumsika wa ku Boma. Ana anga atatu akudya chifukwa cha matayala amenewo.

Ukangoliza injini imati nswiii, osaleka. Ikagona pabwalo, m'mawa umapeza pansi panyowa cha kutsogolo.

Alamu anga a Kingstone, akulu awo a malemu, anabwera osaitanidwa. Anagwada, kukhudza dothi lonyowalo, n'kununkhiza chala ngati sing'anga.

"Mulamu, iyi ndi misozi. Galimoto ikulira mwini wake. Sikufuna dzanja la mlendo."

"Mlendo ndani? Zaka khumi ndi zisanu ndili pamudzi pano. Lobola munakapereka kwathu ku Dedza inali yogulira mlendo?"

"Yayi, NyaBanda, osakwiya. Mzimu ndi mzimu. Loweruka tikumane kwa amama. Galimoto ikakhale kwa ine, kwa magazi ake, mbwenu isiya kulira."

Munthu woti njinga yake amaimitsa ndi chidendene! Tsiku la maliro maso ake anali pa makiyi, osati pa bokosi, ndinamuona ndi maso angawa.

Koma chondipweteka sanali iyeyo. Apongozi anga anakhulupirira. Ndikaliza galimoto m'mawa ankabwera ndi ndodo yawo, kuika dzanja pa boneti, n'kumati, "Ben, mwana wane, leka kulira." Ndipo mawu omaliza Loweruka anali oti achokere kwa iwowo.

Lachinayi ndinadzaza zigubu ziwiri pamjigo, ulendo wa ku Boma. Muvi wa kutentha unkakwera ngati ukuthawa njoka. Ndinaima katatu, kudikira izizire, kuthira madzi. Anthu a njinga za kabaza ankandipitirira akuseka. Sekani, agalu.

Makaniko wake ndi Malizani, wa galaja ya pansi pa mtengo kuseri kwa msika. Anamvetsera pang'ono, n'kuzimitsa injini. Anagwira kawilo kamene pamadutsa lamba n'kukagwedeza. Kanati khwekhwerekhwe ngati dzino la nkhalamba.

"Mayi, pampu ya madzi yatha. Beringi yadyeka, ndiye kulirako. Onani kabowo aka pansipa. Labala ya mkati ikafa, madzi amatulukira apa."

"Si mzimu?"

"Mzimu wa mabawuti asanu? Ndani wakunamizani?"

"Musandifunse. Masulani."

Pampu yatsopano ndinakagula ndekha kwa a Hemedi ogulitsa zitsulo za galimoto, yakale ili m'manja. Ndinaziika pamodzi pa kauntala, kuwerenga mabowo, kuyeza ndi chala.

"Amayi, simundikhulupirira?" anatero a Hemedi.

"Chimwalirireni amuna anga sindikhulupirira munthu wovala thalauza. Gasiketi yake ili kuti?"

Anaseka n'kuitulutsa m'katoni.

Malizani atatsegula pansi pa radiyeta, munatuluka madzi ofiira ngati a mumsewu nthawi ya dzinja. Anandiyang'ana.

"Amathira madzi a pamjigo muno ndani?"

"Ndine. Ndiye bwanji?"

"Ndiye mwaipha ndinu. A Jere ankathira mankhwala obiriwira aja. Madzi okhaokha amabala dzimbiri, dzimbiri limadya labala."

"A Jere anandiphunzitsa magiya, za madzi anapita nazo kumanda. Ndikanalota?"

Malizani anabwerera pa injini. Anapala pokhala pampu mpaka kuwala, kuika gasiketi yotsekera madzi, kumanga mabawuti modumphadumpha, lina uku lina uko, kuti ikhale mofanana. Anakoka lamba, kutsuka radiyeta kawiri, kuthira mankhwala osakaniza ndi madzi oyera. Injini italira, inangoti ndiii, bwinobwino. Tinadikira pansi padonthe. Sipanadonthe.

Pampu yakale ankafuna kuiponya pa mulu wa zitsulo zake.

"Bweretsani kuno. Ili ndi msonkhano Loweruka."

Loweruka ndinaimika galimoto pakhomo penipeni pa apongozi, injini osazimitsa. Abale anali atakhala pakhonde, a Kingstone pampando, atavala jekete ya malemu imene anatenga tisanasese maliro n'komwe. Sindinagwade. Ndinaponya chitsulocho pamapazi awo.

"Nawu mzimu wanu uja, alamu. Ufunseni ukufuna kukagona kwa ndani."

"Mwaona mwano wa mkazi ameneyu?" anakuwa. "Wapita nayo kwa anthu osadziwika, osauza eni mbumba!"

"Eni ake a chiyani? Munagulako ngakhale valavu ya tayala? Pitani mukagwade, mukanunkhizenso dothi. Lauma!"

Wina anaseka n'kudzigwira pakamwa. A Kingstone anaimirira, koma apongozi anagogoda ndodo pansi. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pa galimoto, kuika dzanja pa boneti, kutchera khutu. Anakhala nthawi yaitali. Kenaka anatembenukira kwa ine, maso ali gwa.

"Wamutseka pakamwa mwana wanga."

"Amama, chinali chitsulo."

"Ndikudziwa chitsulo, sindine mwana. Koma ndinkamumva."

Zoti dzimbiri lija ndinaliyambitsa ndine sindinanene. Akanandidya wamoyo.

Apongozi anawerama movutika, kutola pampu yakudayo, n'kuikulunga m'nsonga ya chitenje chawo.

"Kingstone, khala pansi. Muno mulibenso Ben, ukatenga chiyani? Galimoto ndi ya NyaBanda ndi ana." Kenaka kwa ine: "Iwe, ichotse pakhomo panga. Usadzaimikenso pano."

Ndinati yewo powathokoza, ngakhale mawuwo anatuluka ngati mwala. Ndinalowa, kubweza galimoto m'mbuyo, nkhuku zikubalalika. Makiyi ndimagona nawo m'thumba la siketi mpaka lero. Apongozi ndikawapeza panjira akupita ku chipatala ndimaima, kutsegula chitseko. Amayang'ana kumbali n'kudikira kabaza.