Mlonda wa Mphuno Yanga

Khansa inanditengera bere lakumanzere, koma tulo ananditengera ndi amuna anga.

Chitulukireni m'chipatala, ndikangoti nditseke maso, chala chawo chili kale pamphuno panga kufufuza ngati ndikupuma. Chalacho chonunkha girisi, poti ndi amakaniko. Ndikadzidzimuka amati, "Gonani mayi, ndimangoona." Ndigona bwanji munthu akundipima ngati tayala?

Inakwana miyezi isanu ndi itatu. Ndinathira mchere mu tiyi wa ana. Ndinakalipira kasitomala chifukwa cha zipi chabe. Tsiku lina ndinalirira pamakina osokera mpaka diresi ya eni ake inanyowa. Ndinayamba kuopa kuti khansa yangopatukira misala.

Tsiku lokaonedwa kuchipatala, namwino anandifunsa maola amene ndimagona.

"Funsani alonda angawa," ndinatero.

Bambo anayamba kupotokola chipewa. "Anesi, kale mayiwa ankaliza mkonono mpaka malata kuyankha. Munthu umadziwa kuti mnzako alipo. Chichitireni opaleshoni amangoti zii, ngati..."

"Ngati mtembo. Malizani. Adokotala akuti ndachira, inu mwayamba kale kugona pamaliro anga."

"Nanga inuyo bambo mumagona?" anafunsa namwino.

Anangoyang'ana nsapato zawo. Apo m'pamene ndinaona kuti maso awo alowa m'kati kuposa anga.

Namwino analemba pepala, n'kudindapo chidindo kuti bambo aliope. Bambo pabalaza milungu iwiri, mayi kuchipinda, chitseko chokiya. Lachinayi tonse awiri kwa mlangizi, tikanene zimene zikutidya m'mutu.

"Akafa m'katimo?" anafunsa bambo.

"Mudzamva m'mawa ngati anthu ena onse," ndinawayankha.

Tsiku loyamba sindinagone, ndinkangodikira chala. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Tsiku lachitatu ndinadzuka dzuwa lili pakhoma, ana atapita kale kusukulu, pilo atanyowa ndi dovu. Ndinakhala pabedi kanthawi, mutu uli mbee, osakwiyira munthu aliyense.

Nditatsekula chitseko, amuna anga anagwera m'kati ndi bulangete lawo. Anali atagona chotsamira chitsekocho, khutu pabowo la kiyi.

"Mayi, muli moyo?"

"Ndili moyo. Chokani panjira, chikhodzodzo chandithina."