Nyama Yotsala M'mbale ku Kabwata

Loweruka lililonse Becky Ng'andu ankaphikira anthu ogona m'misewu kuseri kwa tchalitchi chawo ku Kabwata. Mwezi wina mwini butchala ina ku Woodlands anayamba kuwapatsa nyama ya ng'ombe, ndipo Becky anakondwa kuti anthu aja tsopano adya zopatsa mphamvu, osati mpunga ndi kabichi basi.

Koma potsuka mbale anaona zachilendo. Mpunga watha, msuzi anyambita, nyama ili pomwepo. Osati mbale zonse, koma zambiri ndithu. Analawa nthuli imodzi: mchere uli bwinobwino. Sabata yotsatira anawonjezera tomato ndi anyezi. Nyama inabwererabe.

"Kapena mpingo wawo umaletsa," anatero Helen, mnzake wophika naye.

"Onsewa? Njala ikuoneka m'maso chonchi?"

Nkhaniyi inamukhala pamtima Becky. Tsiku lina anasiya chipande, nakakhala pabenchi pafupi ndi a Kabamba, bambo wachikulire amene kale ankanyamula katundu wa apaulendo pasiteshoni ya mabasi ya Intercity mpaka msana unawakana. Anawayang'ana chammbali. A Kabamba anaponya nthuli m'kamwa, kuiyamwa, kuitembenuzira tsaya ili ndi ilo, kenako anailavulira m'dzanja mwakachetechete n'kuiika m'mphepete mwa mbale.

"Ba Kabamba, shani, zili bwanji? Nyama yanga yalakwa chani?"

Anaseka atatseka pakamwa ndi dzanja. Kenako dzanja lija analichotsa. Mano otsala anali owerengeka, akuda, nkhama zotupa.

"Nyama ili che bwino, ba mayo. Mano ndiye anasila, anatha. Nikatafuna, mutu wonse uwawa mpaka mailo kukacha."

"Nanga osanena bwanji?"

"Munthu wanipatsa chakudya, niyambe kumuuza mophikila?"

Becky anawafunsa zimene amadya masiku ena. Anati buledi woviika m'madzi a shuga, nthawi zina zitumbuwa zotsala kwa amayi ogulitsa pamsewu. Chilichonse chosungunuka chokha m'kamwa. Anzawo ambiri, anatero, ali chimodzimodzi.

Loweruka lotsatira Becky anapempha wabutchala kuti nyamayo aigaye pamakina. Anaiphika pamodzi ndi nyemba mpaka zonse zinafewa, pambali chibwabwa chotendera, masamba a maungu. A Kabamba anadya osaweramuka, thukuta lili kamukamu.

Koma Destiny, mtsikana wogona pafupi ndi msika, mano ake oyera ngati mpunga, anafika pamphika atakwinya nkhope.

"Ba Becky, mafupa mwapeleka kuti? Ine sindine khanda."

Helen anaseka mpaka kugwira m'mimba. Kuyambira pamenepo miphika inakhala iwiri, ndipo aliyense pamzere ankafunsidwa: yotafuna kapena yofewa? Ena ankayankha mokweza. Ena ankangoloza ndi chibwano, maso ali kumbali.

Pochoka tsiku limenelo, a Kabamba anaima pageti kudikira kuti anthu achepe. Ndiye anafunsa Becky motsitsa mawu ngati akudziwa kumene amazula mano osafunsa kuti munthu amakhala kuti. Becky sankadziwa. Anati Lolemba akafunsa kuchipatala.