Mwana wa Wogulitsa Mkaka

Mwana anasanzanso kachitatu, ndipo mayi ake atamuvula thewera anapezamo timagazi. Anangokhala pansi pakhonde n'kugwira mutu. Paja sabata yonse sanamupatse mkaka wa ng'ombe, ngakhale dontho.

Namwino wa kuchipatala anali atawalongosolera bwinobwino. "Mayi, si uve ayi. M'matumbo mwa mwana muli asilikali oteteza thupi. A mwana wanuyu akaona mkaka akumauyesa mdani, ndiye akumenya nkhondo mpaka kutupitsa matumbo. Musamupatsenso."

Koma tangoganizani, bambo a mwanayo ntchito yawo inali yogulitsa mkaka panjinga! Nkhaniyo inali itafika kale pampopi, ndipo azimayi ankaitafuna tsiku lililonse.

A Makutu, mayi wa nyumba yoyandikana, anasuzumira pampanda.

"Achemwali, mundikhululukire, pakamwa pangapa sipagona nkhani. Inu mukapita kochapa m'mawa, amuna anu amamumwetsa mwanayo ndi supuni."

Madzulo bamboyo atangotsamiritsa njinga kukhoma, anapeza mkazi wawo ataima pakhomo.

"Bambo a mwana, mwakhala mukumupatsa chiyani?"

Iwo anayamba kumasula zigubu, maso ali pa zingwe.

"Ndikufunsa inu."

"Masupuni atatu basi. Ndiponso ndimawiritsa kawiri. Kachilombo kangatsale mmenemo?"

"Ananena kuti si kachilombo! Thupi lake ndi limene likuukana. Olo muwiritse mpaka poto abooke, n'chimodzimodzi."

"Anthu akundiseka, mayi a mwana. Akuti ndimanenepetsa ana a eni, wanga nthiti zikuwerengeka. Ndimati azolowere pang'onopang'ono."

"Safunsa anadya phula. Koma phula lanulo akudya ndi mwana."

Mayiwo analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi thewera lija, n'kuwatambasulira pamaso. Bamboyo analiyang'ana nthawi yaitali, pakamwa pali yasa.

"Dzana ndinalira pamaso pa namwino, ndikulumbira kuti mwana sanalawe mkaka," anatero mayiwo. "Anandiyang'ana ngati wabodza. Ndinafika podzikayikira ndekha."

"Ndasiya. Sindidzachitanso."

Mayiwo anapinda thewera lija n'kubwerera m'nyumba.

Kutacha anabereka mwana kuti abwerere naye kuchipatala. Bamboyo anatambasula manja kuti amunyamuleko mpaka pamsewu, ndipo kamwanako kanawasekerera mofooka. Mayi ake anangomangitsa nsalu pachifuwa n'kutuluka. Kuyambira tsiku limenelo ankapita naye kulikonse, kochapa, kumsika, ngakhale kubafa.