Munthu wa pa Mvula wa Stélia

"Jambulani munthu ali pa mvula," anatero a Doutora Luzia, dokotala wa zamaganizo, akutigawira mapepala ndi mapensulo.

Tinaseka. Mvula ku Tete mu Okutobala, thukuta lili kamukamu?

Anati zojambulazo ziwathandiza kudziwa amene akuvutika maganizo pakati pa ife othamanga a payunivesite. Ine sindinakhulupirire. Malo opita ku mpikisano wa ku Maputo anali amodzi, koma othamanga mamita 800 tinali awiri: ine ndi Stélia wa ku Matundo, amene ankandipitirira ngati ndaima. Ndinkamuchitira nsanje zedi. Ngakhale kamangidwe kake ka zingwe za nsapato kankandinyansa.

Poganiza kuti pepalalo ndi limene lisankhe wopita, ndinajambula mtsikana mano ali mbee, ambulera yaikulu kumanja. Stélia ankajambula ataphimba lake ndi mkono.

Mawa lake a Doutora anamuitana yekha. Anakhalitsa mu ofesimo, ndipo atatuluka, a Amadeu, mphunzitsi wathu wa masewera, anamunyamulira chikwama mpaka pokwerera chapa, minibasi zakwathu kuno. Ine anali asanandinyamulirepo ndi botolo la madzi lomwe. Ndiye kuti ndi pojambula pomwe wandiposa? Tsiku limenelo chakudya sichinalowe.

Lachisanu a Amadeu anandikokera pambali.

"Isaura, ku Maputo ukupita ndiwe. Stélia ayambe wapuma."

"Wavulala?"

"Kamufunse wekha, filha, mwana wanga."

Ndinawoloka mlatho wopita ku Matundo masana omwewo, osati kukazonda mnzanga ayi, koma kukaona chimene ankamusasatitsira. Ndinamupeza pakhonde pakwawo, maso atalowa m'kati.

"Parabéns, mana," anatero mondiyamikira m'Chipwitikizi. "Ine tulo ndinasiyana nato kalekale. Ndikapambana, kunyumba kuno amangofunsa za mpikisano wotsatira. Ndatopa."

"Koma unajambula chiyani chowakopa chonchija?"

Anandiyang'ana kaye, kenako anandipatsa foni yake. Anali atalijambula ndi foniyo pepala lija asanalipereke.

Pakona penipeni panali kamunthu kochepa ngati nyerere, kopanda pakamwa, mtambo wakuda ukukhuthulira mvula pa iko kokha. Chapatali, padzuwa, mtsikana wamkulu bwino ankathamanga akuseka, anzake atamuzungulira. Kumutu anali atamanga kansalu kamadonthomadontho.

Ndinagwira kumutu kwanga. Kansaluko ndinali nditamanga ndi tsiku lomwelo.