Kusala kwa Bambo Mlenga

"Idyani kaye, bambo. Shuga safunsa kuti ndinu mkulu wa mpingo," anatero mayi Atuweni m'mawa wa Lamulungu lina, mbale ya phala ili m'manja, kunyumba kwawo ku Evington, kutsidya kwa nyanja.

Amuna awo, bambo Gracian Mlenga, ankangomanga tayi. Anatumikira mpingo wa Amormoni zaka makumi atatu, ndipo atakalamba anapatsidwa udindo wosanjika manja pa anthu n'kuwadalitsa. Sankadalitsa munthu asanasale kudya. Tsikulo ankadikiridwa ndi Keturah, mtsikana wa ku Corby amene ankanyamuka kukalalikira kutali.

"Jakisoni wa shuga mwabaya, m'mimba mulibe kanthu. Mpingo womwewo umati odwala asasale. Mukufuna ndikhale wamasiye m'dziko la eni?"

"Mayi, dalitso la mwana wa eni lituluke m'mimba yokhuta?" anayankha bambowo akumwetulira.

Mayi anawaponyera maswiti m'thumba la jekete, oti adye shuga akatsika. Ankawadziwa amuna awo.

Kutchalitchi bambo Mlenga anasanjika manja pamutu pa Keturah, thukuta lili kamukamu. Anamutchula dzina, nadalitsa mapazi ake ndi ulendo wake. Kenaka mawu anayamba kukokeka, manja anaterereka, mkulu uja n'kugwa pansi.

Inu, shuga si matenda ochita nawo makani! Bambo Mlenga anatsitsimuka m'chipatala patatha masiku atatu, lilime litalemera, ndipo silinapepukenso. Keturah ananyamuka ndi dalitso losamalizidwa.

Jekete lija litabwera kunyumba, mayi Atuweni anapeza maswiti onse ali m'mapepala awo. Lero ndiwo amawamwetsa bambo phala ndi supuni.