Supuni ya m'Thumba la Wometa

Anthu a mumsewu ankamutchula kuti Pulofesa. Dzinali linayamba ngati ulemu atapita ku koleji, n'kusanduka chipongwe atabwerako chaka chachiwiri chisanathe. Anabwera kudzaika maliro a amayi ake ndipo sanabwererenso, chifukwa bambo ake anali atafa ziwalo mbali yonse ya kumanzere, osalankhula, ndipo panalibe wina wowatembenuza pabedi.

A mpingo anabwera masabata awiri, anaimba, kenako anati zii. Anatsala mmodzi yekha, wometa wina wamfupi wadazi, amene ankafika Lachitatu lililonse m'mawa ndi kachikwama kake. Ankapempha madzi ofunda n'kudzitsekera kuchipinda ndi wodwalayo. Malipiro ankakana, ngakhale tiyi amene.

Zimenezi zinkamusowetsa mtendere Pulofesa. Munthu angatseke shopu m'mawa wonse kudzameta ndevu za nkhalamba, osafunapo kanthu? Nanga chitseko amatsekeranji? Anali atamvapo za anthu opemphera amene amagwira chala cha wodwala n'kuchidinda papepala, nyumba n'kupita. Wometayo akangochoka, iye ankathamangira kukayang'ana ngati zala za bambo ake zili ndi inki.

Kenako supuni inasowa. Amayi ake anali ndi masupuni asanu ndi imodzi a maluwa pachigwiriro, mphatso ya pa ukwati wawo, koma m'kabati anapezamo asanu. Lero supuni, mawa nyumba. Anatsimikiza mtima kuti Lachitatu likubweralo likhala lomaliza.

Tsikulo anapereka madzi ofunda monga mwa masiku onse, anadikira pang'ono, n'kukankha chitseko osagogoda. Bambo ake anali atatsamira mapilo, thovu la sopo lili mbuu kumaso, supuni ya maluwa ija ili m'kamwa mwawo. Wometayo anali ataigwira.

"Mukuwamwetsa chiyani?" anakuwa Pulofesa.

"Tsekani chitseko, a Pulofesa," anatero wometayo osatembenuka. "Bambo anu safuna kuonedwa dovu likutuluka."

"Ndati mukuwamwetsa chiyani? Ndipo supuniyo mwaitenga kuti?"

"Muli mankhwala mmenemu? Bwerani muone, mwina ku koleji simunafike pa phunziro limeneli."

Pulofesa anayandikira. Supuni inali yopanda kanthu. Msana wake unkakankha tsaya lakufalo kuchokera mkati, khungu n'kukungika, lezala n'kumadutsa bwinobwino.

"Munthu akamametedwa amafufumitsa tsaya," anatero wometayo. "Ili silimva. Mukapanda kuliikira supuni mumawacheka, iwo osadziwa n'komwe. Anandiphunzitsa ndi mayi anu."

"Amayi? Liti?"

"Kuchipatala. Tinapita kukawapempherera, iwo n'kutidula pemphero lili pakati. Akuti, 'Zanga zatha, koma amuna anga asamere ndevu ngati wamisala. Wometa ndani pano?' Anzanga onse anandiloza. Supuni anaitulutsa m'kachikwama kawo ka mankhwala." Anapukuta lezala pansalu. "Ine kulalikira sinditha. Ambuye anasambitsa anthu mapazi, ine ndimangodziwa ndevu."

Pulofesa anayang'ana supuni ija. "Bwanji sanandiuze ine?"

"Ankati muli ndi mayeso."

Wometayo anasolola supuni ija pang'onopang'ono n'kumupatsa Pulofesa.

"Ndi ya m'nyumba muno, tengani. Mukafuna ndisabwerenso, sindibwera. Koma tsayali latsala theka."

Diso labwino la wodwalayo linali pa mwana wake. Pulofesa anakhala m'mphepete mwa bedi, nalowetsa supuniyo m'kamwa mwawo.

"Pang'ono, achimwene, simukutsegula chitini. Eya, pomwepo."

Lezala inadutsa. Dovu linatsikira pa dzanja la Pulofesa, lofunda, ndipo sanalipukute.

Atamaliza, anakatsuka supuniyo n'kutsegula kabati. Anayang'ana masupuni asanu aja kwa kanthawi, kenako anatseka. Wometayo anali pakhomo, akumanga zingwe za nsapato.

"Musaganize kuti mundiona kutchalitchi kwanu," anatero Pulofesa.

"Ndakuitanani?"

Pulofesa anamulowetsera supuniyo m'thumba la malaya.

"Lachitatu musachedwe. Madzi amazizira."