Khanda Lopalasa Miyendo

Khanda la Agnes litangokwanitsa sabata, linayamba zachilendo. Maso ankangoti tong'o mbali imodzi, milomo ikutafuna ngati likuyamwa, timiyendo tikupalasa. Zikaleka, linkagona lili lefu, bere osalifuna.

Mwamuna wake Wyson, wakabaza pa Chinakanaka, anangoseka nati mwanayo watengera bambo ake kupalasa njinga. Azakhali ake a Wyson anati makanda amalota, palibe chodandaulitsa. Koma mtima wa Agnes sunakhale pansi.

Tsiku lotsatira mayi Millie, mlangizi wa zaumoyo, anabwera kudzaona mayi ndi mwana. Agnes ali mkati mofotokoza, zija zinayambanso. Mayi Millie anagwira kamwendo kamodzi mofatsa, koma kanapitirizabe kugwedezeka m'dzanja mwawo.

"Mwaona? Mwana akamangonjenjemera chifukwa chozizidwa kapena kudzidzimuka, mukamugwira amaleka. Uyu sakuleka. Uku ndi kukomoka."

Agnes anadabwa. Iye ankadziwa kuti wokomoka amaphupha thupi lonse, thovu lili kukamwa. Mayi Millie anamufotokozera kuti kwa makanda nthawi zambiri sizioneka choncho: ena amangophethira pafupipafupi, ena amasiya kupuma kwa kanthawi. Anati zimatha kuyamba chifukwa cha matenda olowa m'magazi, kuchepa kwa shuga m'thupi, kapena kuvutika pobadwa. Anauza Wyson kuti ajambule msanga kanema pa foni, madokotala akadzionere okha.

Wyson anajambula, kuseka kuja kutamuthera. Kenako anafunsa ngati angapite naye kuchipatala mawa.

"Ayi bambo, pompano. Kuchedwa kumaononga ubongo wa mwana. Ndipo musamumwetse mankhwala alionse."

Wyson anathamanga kukaitana mnzake wa njinga yamoto.

Kuchipatala anaonera kanema uja, anamuyeza mwanayo magazi, nkupeza kuti m'magazimo mwalowa matenda. Anamugoneka ndi kuyamba kumubaya jakisoni. Agnes ankafinya mkaka wake, anamwino nkumamumwetsa mwanayo kudzera m'kapaipi. Patapita masiku angapo, kukomoka kunatha. M'mawa wina mwanayo anagwira yekha bere nkuyamwa mwamphamvu, ndipo Agnes anagwetsa misozi.

Atatuluka, anamutcha Chiyembekezo. Amapita naye kukaonedwa monga anawauzira, ndipo pano wayamba kukwawa.

Kusikelo, Agnes amauza amayi anzake mosapita m'mbali: "Khanda likachita maso tong'o, likamatafuna milomo kapena kugwedeza chiwalo mosaleka mutachigwira, musanene kuti likulota. Thamangirani nalo kuchipatala nthawi yomweyo."